Chala pa chiganizo: kuphunzitsa ana a ku Muloza kupeza umboni m'nkhani

Mwana wa ku Muloza akadzuka m'mawa n'kupeza phiri la Mulanje litabisala m'nkhungu, kamphepo kozizira kakuchokera ku Mozambique, safuna womuuza kuti chiperoni chafika ndipo zovala za pachingwe siziuma lero. Akaona njinga zosenza matumba zikuchuluka pamsewu wochokera ku Milange, amadziwa kuti kutsidya akolola ndipo chimanga pa Limbuli chitsika mtengo. Palibe amene analemba zimenezi paliponse. Mwanayo waona zizindikiro, waziphatikiza ndi zomwe akudziwa kale, yankho n'kutuluka. Koma mwana yemweyo akapatsidwa ndime ya mizere isanu n'kufunsidwa chifukwa chimene munthu wa m'nkhanimo wachitira zakutizakuti, kawirikawiri amangoti kukamwa yasa, kapena amakopera chiganizo chilichonse chokhala ndi mawu ofanana ndi a m'funso. Nzeru zimene ali nazo panja zimatsalira pakhomo la kalasi. Mafunso otsatirawa akukhudza mmene nzeruzo zingalowere m'kalasi ya Sitandade 5 mpaka 8.

Kodi kupeza umboni m'nkhani n'kutani, nanga kutulukira zosalembedwa n'kutani?

Ndi ntchito ziwiri zoyendera limodzi ngati mtondo ndi munsi. Chitsanzo chingathandize. Mphunzitsi atha kulemba pabolodi kankhani aka:

Mtsikana wina anafika kusukulu belu litalira kale. Siketi yake inali yonyowa mpaka m'mawondo, koma bulauzi inali youma. Nsapato anazinyamula m'manja, makope atawasenza pamutu. Aphunzitsi atamuyang'ana, sanamupatse chibalo.

Funso loti mtsikanayo ananyamula chiyani m'manja lili ndi yankho poyera, mwana angoloza pomwe palembedwa nsapato. Koma funso loti n'chiyani chinamuchedwetsa lilibe yankho lolembedwa. Mawu oti mtsinje mulibemo m'kankhanika. Komabe mwana aliyense wokhala m'mbali mwa Muloza kapena Ruo angathe kunena kuti mtsikanayu anawoloka madzi. Kumeneko ndiye kutulukira zosalembedwa. Tsono akafunsidwa kuti wadziwa bwanji, n'kuloza siketi yonyowa theka, nsapato za m'manja ndi makope a pamutu, wapereka umboni.

Chokoma pa kankhanika ndi bulauzi youma ija. Ana ambiri amathamangira kunena kuti inali mvula. Yankho limenelo silopusa ayi, koma bulauzi youma ikulikana, pakuti mvula imayamba kunyowetsa mapewa. Mwana amene waona zimenezi n'kusintha maganizo ake waphunzira chinthu chachikulu kuposa amene anangolasa yankho lolondola mwamwayi.

Kodi kumeneku si kungolota?

Ayi. Wolota amatchula chilichonse chimene chamubwerera m'mutu, ndipo ukamupanikiza amati ndangoganiza. Wotulukira amakhala ndi poloza. Ngati mwana wanena kuti mtsikana uja anachedwa chifukwa amayi ake akudwala, mwina n'zotheka m'moyo, koma m'nkhanimo mulibe liwu ngakhale limodzi lomuikira kumbuyo. Kusiyananso kwake ndi kulosera n'kwakuti wolosera amanena zimene zichitike kutsogolo kwa nkhani, pamene wotulukira amanena zimene zilipo kale koma wolemba sanazitchule.

Nanga vutoli n'lalikulu bwanji m'dziko muno?

Manambala ake ndi omvetsa chisoni. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, amene anachita a National Statistical Office mothandizidwa ndi UNICEF, anayesa ana a zaka 7 mpaka 14 m'makomo mwawo. Mwana ankapatsidwa kankhani kofanana ndi ka mu Sitandade 2. Kuti awerengedwe kuti akutha, ankayenera kuwerenga molondola mawu 90 mwa 100 alionse, kuyankha mafunso atatu a yankho la poyera, komanso mafunso awiri ofuna kutulukira zosalembedwa. Ana pafupifupi 19 okha mwa 100 alionse ndi amene anakwanitsa zonsezi.

Izi sizinayambe dzulo. Mu 2007, bungwe la SACMEQ linayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, ndipo pa kuwerenga Malawi ndi Zambia anali kumchira. Bungweli limagawa luso la kuwerenga m'masitepe 8, kuyambira pa mwana wongozindikira zithunzi ndi mawu ochepa mpaka pa wotha kuunika maganizo a wolemba. Kutulukira zosalembedwa kuli pa sitepe ya 6. Ana ambiri a ku Malawi anaunjikana m'masitepe a m'munsi, ndipo ofika pa ya 6 kapena kupitirira anali owerengeka.

Manambalawa ndi a dziko lonse, osati a Muloza pokha. Koma mphunzitsi aliyense wa m'sukulu za m'mphepete mwa minda ya tiyi amene anachongapo makope a kumvetsa nkhani awazindikira msanga.

Boma linayambitsa kale ndondomeko yophunzitsa kuwerenga. Chatsala n'chiyani?

Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana olembetsa sukulu anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Zinali zabwino kuti mwana wa wothyola tiyi alowe m'kalasi, koma aphunzitsi, mabuku ndi zipinda sizinachuluke mofanana. Kafukufuku wa EGRA wa mu 2010 anapeza kuti ana oposa 70 mwa 100 a Sitandade 2 sankatha kuwerenga liwu ngakhale limodzi la m'kankhani ka Chichewa. Poyankha vutoli, Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa National Reading Programme mu 2016 mothandizidwa ndi USAID, ndipo mabuku atsopano anakonzedwa kudzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi.

Ntchito imeneyi ndi yoyamikika, koma inalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, amene anayamba kufika m'sukulu za boma mu 2023, nawonso ndi a makalasi omwewo. M'pomveka, chifukwa mwana wosadziwa maliwu ndi maphatikizo sangafike pa tanthauzo. Koma mwana akangolowa Sitandade 5, pamene maphunziro onse kupatula Chichewa amayembekezereka kukhala m'Chingerezi, ndime zimatalika, mawu achilendo amachuluka, ndipo chithandizo chapadera chija chimatha. Anthu amangoganiza kuti poti akutha kutchula mawu mosadodoma ndiye kuti akumva. Pali ana ambiri owerenga mokweza bwinobwino, mawu ali myaa, amene ukawafunsa kuti nkhaniyo ikunena chiyani amayang'ana kudenga.

Aphunzitsi amafunsa mafunso a kumvetsa nkhani sabata iliyonse. Kodi si kuphunzitsa kumeneko?

Apa ndiye pagona nkhani. Kufunsa ndi kuyesa ngati mwana wamva. Kuphunzitsa ndi kumuonetsa mmene munthu amamvera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Dolores Durkin wa pa University of Illinois ku America anakhala kumbuyo kwa makalasi a pulayimale maola ambirimbiri, akulemba zimene aphunzitsi amachita pa nthawi ya kuwerenga. Anapeza kuti nthawi yophunzitsadi kumvetsa nkhani sinkakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Yambiri inkathera pa kufunsa, kupereka ntchito ndi kuchonga. Ngati zinali choncho kumene mabuku ali mbwee, palibe chifukwa chonyozera mphunzitsi wa ku Mulanje amene naye anaphunzitsidwa mwa njira yomweyo. Chofunika n'kusintha kachitidwe.

Tiyerekeze kalasi ya Sitandade 6, kankhani ka mtsikana uja kali pabolodi. Mphunzitsi safunsa kanthu poyamba. Awerenga chiganizo choyamba, n'kuima, n'kulankhula zomwe zili m'mutu mwake ana akumva:

"Belu litalira kale. Ndiye kuti wachedwa. Wolemba sananene kuti wachedwa, koma ine ndadziwa chifukwa cha mawu awa." Adula mzere kunsi kwa mawuwo ndi choko. "Siketi yonyowa. Mwina mvula. Taimani, bulauzi youma? Ayi, mvula siisankha. Ndiyenera kusintha maganizo anga."

Kenako atembenukira kwa ana. "Nanga n'chifukwa chiyani aphunzitsi a m'nkhanimu sanapereke chibalo? Kambiranani awiriawiri."

Mnyamata wina aimika dzanja. "Anamumvera chisoni, madamu."

"Wadziwa bwanji? Bwera udzatisonyeze."

Mnyamatayo apita kubolodi, ayendetsa chala pang'onopang'ono, n'kuima pa mawu oti atamuyang'ana. "Apa. Anaona kaye mmene ananyowera, ndiye anadziwa kuti si dala."

"Alipo wotsutsa?"

Mtsikana wa kumbuyo ati mwina aphunzitsiwo nawonso anawoloka mtsinje womwewo. Mphunzitsi sakana ndipo savomera. Afunsa ngati pali liwu lina m'nkhanimo lonena zimenezo. Ana afufuza, apeza kuti palibe. Agwirizana kuti ganizolo n'lotheka koma lilibe mboni, pamene la mnyamata uja lili nayo.

Zonsezi sizitenga mphindi khumi. Chimene chachitika n'chakuti maganizo amene nthawi zonse amabisika m'mutu mwa wowerenga waluso aonekera poyera. Mphunzitsi wayamba yekha, kenako achita limodzi ndi ana, ndipo tsiku lotsatira ana adzachita okha pa ndime ina. Aphunzitsi amene anaphunzira za National Reading Programme akuidziwa kale njira imeneyi yoyamba mphunzitsi, kenako onse pamodzi, pomaliza ophunzira paokha. Imagwiranso ntchito m'makalasi apamwamba.

Kodi pali umboni woti luso limeneli limaphunzitsika, kapena ndi mphatso chabe?

Limaphunzitsika. Mu 1988, Nicola Yuill ndi Jane Oakhill ku England anatenga ana a zaka 7 ndi 8 amene ankatchula mawu bwino koma osamva zimene akuwerenga. Kwa masabata ochepa anawazoloweza kusaka mawu opereka chizindikiro m'nkhani ndi kudzipangira okha mafunso. Kumvetsa kwa anawo kunakwera moonekeratu.

Mwana angadziwe bwanji kumene angasake yankho?

Taffy Raphael, katswiri wina wa ku America, anakonza njira yosavuta m'zaka za m'ma 1980. Anaona kuti ana ambiri amalephera chifukwa sadziwa kuti mafunso ndi amitundumitundu. Ena amaganiza kuti yankho lililonse lili pamzere umodzi, ena amayankha za m'mutu mwawo osayang'ananso m'buku. Iye anagawa mafunso m'magulu anayi. Pali funso limene yankho lake lili pomwepo, m'chiganizo chimodzi. Pali lina lofuna kutolera zidutswa m'ziganizo zingapo. Lachitatu limafuna kuti wowerenga aphatikize zimene wolemba wanena ndi zimene iye akudziwa, ndipo lachinayi limangofuna maganizo a wowerenga, ngakhale asanaone nkhaniyo.

Mwana akazolowera kudzifunsa kaye kuti funso ili ndi la mtundu uti, amasiya kutaya nthawi kusaka mawu oti mtsinje m'ndime imene mulibe mawuwo. Ana amasangalalanso akapatsidwa mpata wopeka okha mafunso a gulu lachitatu kuti akole nawo anzawo.

Chinanso chothandiza ndi kugawa tsamba la kope m'mizati itatu. Woyamba mwana alembamo zimene nkhani yanena, wachiwiri zimene iye akudziwa kale, wachitatu zimene watulukira. Yankho lopanda kanthu mu mzati woyamba silinakwane, ngakhale likhale lomveka bwanji.

Kodi Chichewa chili ndi zida zake zothandiza pa ntchito imeneyi?

Zilipo zambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti siziwerengedwa ngati zida. Choyamba ndi mgwirizano wa mayina ndi aneni. Taonani ziganizo izi: Mayi anagula nsomba ndi chinangwa pa Limbuli. Atafika kunyumba anapeza kuti n'chowawa. Mwana aliyense anena kuti chowawacho ndi chinangwa. Akafunsidwa kuti wadziwa bwanji, umboni wake ndi kaphatikizo kakang'ono ka cho. Zikanakhala nsomba, wolemba akanati n'zowawa. Magulu a mayina amene ana amaloweza movutikira pokonzekera mayeso ndi mapazi amene wolemba amasiya kuti wowerenga alondole amene akunenedwa. Phunziro la galamala likalumikizidwa ndi la kumvetsa nkhani motere, onse awiri amapeza moyo.

Pomwepa m'pamene pamaonekera chimodzi mwa zifukwa zimene Chingerezi chimavutira. M'Chingerezi nsomba, chinangwa, mtengo ndi galu zonse zimatha kulowedwa m'malo ndi kaliwu kamodzi komweko, ndipo mwana wozolowera kuti mneni amuuza yekha mwini nkhani amasokera. Mphunzitsi ayenera kuima pa alowam'malo a Chingerezi n'kufunsa kuti kaliwu aka kakuimira chiyani, ana n'kujambula muvi wobwerera ku dzina lake.

Chachiwiri ndi alumikizi monga koma, chifukwa, choncho, ngakhale. Timawu timeneti ndi zikwangwani za pamsewu wa nkhani. Liwu loti koma limachenjeza kuti zimene zikubwera zitsutsana ndi zapitazo, monga linachitira pa bulauzi youma ija.

Chachitatu ndi chuma cha pakamwa. Ndagi, zimene ena amati zilapi, ndi sukulu yeniyeni ya kutulukira. Wina akati nyumba ya amayi yopanda khomo, woyankha amafufuza chinthu chokwanira zizindikiro zonse mpaka apeze dzira, ndipo yankho lokwanira theka anzake amalikana. Miyambi ndi zining'a sizinena chinthu mwachindunji. Nthano za Kalulu sizinena kuti Fisi ndi wadyera, womvera amaona yekha m'zochita zake. Ndiyeno pali bwalo la milandu kwa amfumu, kumene mwana wa kumudzi anamvapo nduna zikufunsa wodandaula kuti mboni yako ndani, unaona ndi maso kapena unangomva. Mphunzitsi akauza ana kuti chiganizo ndi mboni ndipo yankho ndi mlandu, safunikanso kufotokoza zambiri.

Nanga zimene mwana akudziwa kale zili ndi gawo lanji?

Lalikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie anayesa ana 64 a msinkhu wa Sitandade 7 ndi 8 ku America ndi ndime yofotokoza masewero a baseball. Ana ofooka pa kuwerenga koma odziwa bwino masewerowo anamvetsa ndi kukumbukira zambiri kuposa ana aluso pa kuwerenga amene sankawadziwa.

Zomwezo zingaoneke kuno. Lembani kuti bambo wina anatsika njinga pamlatho, nayamba kuikankha thukuta lili kamukamu, m'thumba mwake muli ndalama za mitundu iwiri. Mwana wa ku Muloza adziwa nthawi yomweyo kuti ndi kwacha ndi metical, ndipo bamboyo akuchita malonda a pamalire. Mwana wochenjera wa ku Dowa akhoza kukanda mutu. Koma mpatseni wa ku Muloza ndime ya asodzi a usipa akuyatsa nyali usiku pa nyanja, iyenso asowa pogwira.

Pamenepa pali maphunziro awiri. Loyamba n'lakuti poyamba kuphunzitsa lusoli ndi bwino kugwiritsa ntchito nkhani za zinthu zimene ana amaziona, monga tiyi, amene wakhala akulimidwa ku Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1890, nanazi, nandolo, mkungudza wa m'phiri ndi kabaza. Mwana akalawa kukoma kotulukira chinthu payekha pa nkhani yodziwika, amalimba mtima. Lachiwiri n'lakuti asathere pomwepo. Mwana amene sadziwa za nyanja, za migodi, za mbiri ya dziko lake kapena za mmene magazi amayendera m'thupi adzalephera ndime zambiri ngakhale adziwe njira zonse zosakira umboni. Choncho phunziro la sayansi ndi la chikhalidwe ndi chilengedwe nawonso ndi maphunziro a kuwerenga, ndipo funso loti wadziwa bwanji liyenera kumveka m'menemonso.

Kodi ndi bwino kukambirana m'Chichewa ndime ya Chingerezi?

Ambiri amaopa kuti kutero kufooketsa Chingerezi. Koma mwana amene akulimbana ndi chiyankhulo chachilendo komanso ganizo lovuta nthawi imodzi amagonja pa zonse ziwiri. Ngati waphunzira kusaka umboni pa nthawi ya Chichewa, luso limenelo saliiwala belu la Chingerezi likalira. Ndipo kulola ana kunong'onezana awiriawiri m'chiyankhulo chawo kwa mphindi imodzi, asanapereke yankho m'Chingerezi ndi kuloza mawu a Chingerezi a m'ndimemo, kumachulukitsa manja okwezedwa. M'dera la pamalire ngati la Muloza, kumene ana ena amamva Chilomwe kwa agogo awo ndiponso timawu ta Chipwitikizi pamsika, kusinthasintha ziyankhulo si chachilendo.

Mawu ovuta a m'ndime ayenera kufotokozedwa ana asanayambe kuwerenga. Palibe angatulukire kanthu m'chiganizo chimene mawu ake atatu mwa khumi sakuwadziwa.

Zonsezi zingatheke bwanji m'kalasi ya ana ochuluka, mabuku ali ochepa?

Ndondomeko ya boma imafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri za kumidzi chiwerengerochi chimapyoledwa kutali, ndipo buku limodzi limazunguliridwa ndi mitu ingapo. Namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, amene anasakaza kwambiri Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, anawonjezera mavuto. Sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo mabuku ambiri ananyowa n'kuwonongeka.

Mwayi wake n'kuti luso limeneli silifuna nkhani yaitali. Ziganizo zinayi zolembedwa pabolodi kapena patchati n'zokwanira, ndipo kufupika kwake kumathandiza kuti ana abwererebwerere pa liwu lililonse. Mphunzitsi angaike manambala pa ziganizozo, ndiye pofunsa kuti umboni uli pati, ana onse amakweza zala zosonyeza nambala ya chiganizo. Ndi diso limodzi amaona amene asokera, popanda kuchonga kope ngakhale limodzi. Kumene kuli mabuku, lamulo likhale lakuti asanakweze dzanja lamanja, chala chakumanzere chikhale pa chiganizo.

Nkhani zowerenga zingachokerenso kwina. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala monga Tamvani ndi Tikambe, kapena Fuko ndi Boma Lathu, akafika m'manja mwa mphunzitsi asathere kukulungira mandasi. Kapepala ka malangizo a mankhwala a mbewu, chidziwitso cha kuchipatala, ngakhale uthenga wa pafoni wonena kuti mwapambana mphoto, zonsezi ndi ndime zoyenera kufunsidwa mafunso. Ndipo aphunzitsi a m'dera limodzi akakumana ku malo awo osulirako luso (TDC) ndi mlangizi wawo wa zamaphunziro, aliyense atabweretsa tinkhani tiwiri topeka yekha, angabwerere ndi zokwanira teremu yonse.

Kodi zimenezi sizidya nthawi yokonzekera mayeso a Sitandade 8?

Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa mayeso a PSLCE amene amakonza a MANEB ndiwo khomo lolowera kusekondale, ndipo malo ndi ochepa. N'chifukwa chake makalasi a Sitandade 8 amadzaza ndi kuloweza manotsi ndi kubwereza mapepala akale. Koma mapepala a Chichewa ndi Chingerezi amakhala ndi gawo la kumvetsa nkhani, ndipo ndime yake mwana amaiona koyamba m'chipinda cha mayeso. Palibe choloweza pamenepo. Pa mafunso osankha yankho, mayankho olakwika amakonzedwa mokopa, ena amabwereza mawu a m'ndime koma tanthauzo lili lina. Mwana wozolowera kubwerera ku chiganizo ndi amene amapulumuka msampha umenewu. Ngakhale samu zofotokoza ndi mawu zimagonjetsa ana ambiri pa kumva funso, asanafike n'komwe pa kuwerengetsa.

Kupatula mayeso, n'chiyani chimene mwana amapindula?

Anthu a ku Mulanje akukumbukira za mu Seputembala ndi Okotobala 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira m'bomali ndi ku Phalombe, kenako m'maboma oyandikana nawo. Anthu angapo anaphedwa pongoganiziridwa, misewu inatsekedwa usiku, ndipo bungwe la United Nations linachotsa kaye antchito ake m'maboma awiriwa. Zimene zinayambitsa mantha amenewo ndi zambiri komanso zakuya, ndipo kungakhale kupeputsa nkhani kunena kuti phunziro la kumvetsa nkhani likanaletsa. Komabe m'masiku amenewo mafunso amene ankasowa ndi omwe aja a pabolodi: wadziwa bwanji, waona kapena wamva, mboni yako ndani. Lero mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook amathamanga kuposa mphekesera za pachitsime, ndipo amene amawerengera agogo mauthengawo nthawi zambiri ndi mwana wa Sitandade 7.

Mbali inayo, ya kutulukira zosalembedwa, ndi yofunikanso. Chenjezo la a zanyengo likanena kuti kugwa mvula yamphamvu masiku atatu m'madera a kummwera, silitchula mudzi uliwonse kapena mtsinje uliwonse. Wowerenga ndiye ayenera kuphatikiza uthengawo ndi zimene akudziwa za khwawa la kuseri kwa nyumba yake n'kuona kuti akunena iyeyo.

Nanga kholo limene silinapite patali ndi sukulu lingathandize bwanji?

Lingathandize kwambiri, chifukwa funso lofunikalo silifuna satifiketi. Madzulo mwana akamawerenga, mayi angamuuze kuti awerenge mokweza ndime imodzi, kenako n'kumufunsa kuti, "Iwe, munthu ameneyu wakwiya kapena wakondwa? Wamva pati? Tabwereza pomwepo ndimve." Mayi amene sadziwa chilembo ndi chimodzi chomwe amatha kumva ngati mawu obwerezedwawo akugwirizana ndi yankho, ndipo nthawi zina amatulukira zimene mwana waphonya, chifukwa iye waona zambiri m'moyo.

Agogo akamaimba nthano, angaime pakati n'kufunsa adzukulu chifukwa chimene Kalulu wakanira kulowa m'phanga, n'kuwauza kuti atchule chimene anamva m'nthanomo chowapangitsa kuganiza choncho. Sewero la pawailesi likatha, bambo angafunse amene akunama pakati pa anthu awiri aja, ndi pamene anadzigwiritsa. Ndipo pobwera kuchokera ku Limbuli ndi thumba la feteleza kapena botolo la mankhwala a nandolo, kholo lingapatse mwana kuti awerenge malangizo, anene mlingo wothira, kenako aike chala pamzere umene wanena zimenezo madzi asanathiridwe mu sipuleya.